Ine, sumo ndi chitenje cha mayi a kunyumba

Amuna ambiri a kuno ku Zingwangwa akadutsa zaka 40 amapeza chochita chaulemu: ena amayamba kuthamanga m'mamawa cha ku Soche, ena amaweta nkhuku, ena amalowa kwaya ya abambo. Ine chinandilowa ndi sumo, masewera a ku Japan aja a zimphona zovala lamba yekha basi, ndipo poti nkhani yanga yayenda kale kuchokera potunga madzi mpaka pa siteji ya minibasi, aliyense akuikometsa mmene akufunira, kuli bwino ndiinene ndekha mwiniwake ndisanamve kuti ndinamwalira.

Zinayamba ndi kavidiyo ka pa WhatsApp. Mnzanga wina wa ku sekondale anakaponya pa gulu n'kulemba kuti "abale ako awa", poti pa gulu lonselo wa mimba yotsogola ndine. Ndinaseka nawo, kenako ndinakaonanso ndili ndekha, n'kukabwerezanso. Amuna awiri anjuta moyang'anizana, zibakera pansi, mwadzidzidzi phwaa! mitu ndi mapewa zagundana, masekondi 10 asanakwane wina ali kale kunja kwa bwalo, akudzuka, akuweramitsa mutu, n'kumapita, ndipo wopambanayo osavina, osaloza kumwamba, ngakhale kumwetulira komwe. Koma ndisaname, chimene ndinaona ine tsiku limenelo si ulemuwo ayi. Ndinaona mimba. Ndinati finally, masewera oti zimene ndakhala ndikusonkhanitsa pa chiwaya zaka zonsezi ndi qualification.

Posakhalitsa ndinali kale expert. Ife tinakula tikuonera wrestling m'nyumba za vidiyo ku Ndirande, titapanikizana pa mabenchi thukuta lili kamukamu, choncho pa bawo ndinauza anthu chala chili m'mwamba kuti katswiri woposa onse m'mbiri ya sumo ndi Yokozuna, uja ankakhalira anzake pachifuwa m'zaka za m'ma 1990 uja. Mwana wa aneba, wa Fomu 3, anatulutsa foni n'kunena mwaulemu wopweteka kuti, "Madala, pepani, koma apa akuti munthuyo dzina lake anali Rodney Anoa'i, anabadwira ku San Francisco, ndi wa mtundu wa ku Samoa, ndipo sumo sanasewereko." Ine ndikumupempha ndi maso kuti asiye, iye akupitiriza kuwerenga kuti yokozuna ndi udindo wapamwamba kuposa onse, woti pofika 2025 anthu amene anaufikira anali 75 okha, Onosato ndiye wa 75. Ndinati ndimangomuyesa mwanayo. Palibe anayankha. Amene ndinkasewera naye anangotakata n'kundidya.

Manyazi amenewo ananditumiza ku intaneti, komwe ndinadziwa kuti mipikisano ikuluikulu imachitika maulendo 6 pa chaka, uliwonse masiku 15: ku Tokyo mu Januwale, Meyi ndi Sepitembala, ku Osaka mu Malichi, ku Nagoya mu Julaye, ndi ku Fukuoka mu Novembala. Izi ndinaziwerenga Febuluwale akutha, nditazimitsa ndi kuyatsa foni mwezi wonse poganiza kuti chikundibisira mpikisano ndi netiweki.

Malichi atafika ndinachita masamu. Pakati pa Japan ndi Malawi pali kusiyana kwa maola 7, ndipo akuluakulu enieniwo amalimbana kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo mpaka 6 koloko nthawi ya kwawo. Ndinaphatikiza m'malo mochotsera. Ndiye mundione bambo wa ana ndikudzuka 11 koloko usiku, kunyang'ama kupita pa balaza, foni m'manja, kudikira mpaka 1 koloko, udzudzu ukundidya, kulibe chilichonse, mawa lakenso chimodzimodzi, mpaka mayi a kunyumba anandipeza mumdima nkhope ikuwala ndi foni, n'kufunsa ndi mawu ozizira kuti, "Abambo, usiku uno mukudikira ndani?" Ndinayankha zoona, kuti ndikudikira amuna awiri onenepa a ku Japan, ndipo ndikuuzeni kuti yankho limeneli silinathandize kanthu. Dzuwa limayamba kutuluka kwawoko. Sumo kuno imachitika pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa, ine ndili kuntchito ku Limbe.

Bandulo nayo ndinaiphunzira mowawa. Osewera a gulu lapamwamba amakhala ndi mphindi mpaka 4 zokonzekera: kuponda pansi, kuchukucha m'kamwa, kuwaza mchere, kunjuta, kuyang'anizana, kudzuka, kubwerera pakona, kupukuta thukuta, kuwazanso mchere. Ndewu yeniyeniyo nthawi zambiri imatha usanameze malovu. Ine bandulo yanga ya tsiku inkakwanira mchere wonse bwinobwino, n'kutha ndendende pamene zibakera zikugunda pansi.

Komatu ndi m'kudikiramo mmene masewerawa anandigwirira zenizeni, ndipo pano ndilankhuleko serious. Ine ndine wa Maule chibadwire. Tikagonja ndi Manoma pa Kamuzu Stadium ndimatuluka ndi mndandanda wa olakwa, woyimbira, mphepo, zitsamba zomwe ndikukhulupirira kuti zinakwiriridwa pagolo, ndipo mndandandawo ndimayenda nawo sabata yonse. Ku sumo wogonja salankhula. Woyimbira, amene amamutcha gyoji, akaloza wopambana koma mmodzi mwa oweruza asanu okhala m'mbali mwa bwalo n'kukweza dzanja, asanuwo amakwera pa bwalo kukakambirana, akuthandizidwa ndi anzawo oonera vidiyo, zomwe anayamba kale mu 1969 mpira usanalote n'komwe za VAR, ndipo nthawi yonseyo osewera awiri aja amangodikira chete pansi pa bwalo. Chigamulo chikatembenuzidwa palibe wothamangitsa mnzake. Gyoji wamkulu amavala kampeni m'chiuno, chizindikiro chakale choti akalakwitsa mlanduwo ndi wake. Ndipo udindo sautengera kudziwana: mwa ndewu 15, ukapambana 8 ukwera, ukagonja 8 utsika, ndipo malipiro a pamwezi amalandira a magulu awiri apamwamba okha, anthu 70, ena onsewo amaphika, kusesa ndi kunyamulira akuluakulu katundu. Terunofuji wa ku Mongolia anali ozeki, udindo wachiwiri kuchokera pamwamba, mawondo ndi matenda zinamutsitsa mpaka gulu lachiwiri kuchokera pansi, kokalimbana ndi anyamata ongoyamba kumene, ndipo anakweranso pang'onopang'ono mpaka kukhala yokozuna mu 2021. Nkhani imeneyi ndinaiwerengera m'minibasi ya ku Limbe, misozi ili lengelenge, kondakitala akundifunsa ngati ndataya chikwama.

Chinandiwononga ndi nkhani ya alendo. Akebono wa ku Hawaii anakhala yokozuna woyamba wobadwira kunja kwa Japan mu 1993. Hakuho wa ku Mongolia anatenga chikho maulendo 45, palibe wina anafikapo. Ngakhale Africa inalowamo: Osunaarashi wa ku Egypt anayamba mu 2012 ndipo chaka chotsatira anali kale m'gulu lapamwamba. Ndiye Mmalawi angalephere bwanji? Ndinafika poganizira dzina loti ndizikatchedwa kumeneko. Kenako ndinaona kuti olowa kumene amafunika asanakwane zaka 23, ndipo pakhomo pathu amene akuyandikira zaka zimenezo ndi mwana wanga woyamba. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati palibe vuto, tiyambitsa yathu konkuno.

Ndinayambira ku chakudya, poti kumeneko ndiye ndili ndi experience. Osewera sumo amakhala pamodzi kwa mphunzitsi wawo, amadzuka kusanache, amalimbitsa thupi maola angapo m'mimba mulibe kanthu, masana n'kudya chankonabe, chimphika cha msuzi wothiramo nyama kapena nsomba, masamba, bowa ndi tofu, pamodzi ndi mbale zambirimbiri za mpunga, akatero n'kukagona. Pa ndondomeko yonseyi ine ndinatolapo ziwiri, kudya ndi kugona. Nthawi ya mpikisano amakonda nkhuku poti imaima ndi miyendo iwiri, pamene ng'ombe ndi nkhumba zili kale chokwawa, ndipo mu sumo wogunda pansi ndi dzanja wagonja. Ndinagula nkhuku ya chikuda, chayinizi, mpiru ndi anyezi, tofu sindinadziwe kogula ndiye ndinaika soya pieces, anati msuziwo umafuna fungo la nsomba youma ndiye ndinathira bonya wodzaza manja awiri, ndinaona kuti wachita madzimadzi ndiye ndinawonjezera nsinjiro, ndinasiya poto pa mbaula n'kukaonera highlights za NHK World, pobwera pansi papserera pomwe nkhukuyo ikadali gwaa. Ana anakumbukira mwadzidzidzi kuti aitanidwa kwa aneba. Mayi a kunyumba analawa kansonga ka supuni n'kufunsa kuti, "Abambo, anthu a ku Japan-wo analakwa chiyani?" Ndinadya ndekha poto yense kuti ndisaoneke wogonja, ndipo usiku umenewo njira ya kuchimbudzi ndinaidziwa mwala uliwonse. Pambuyo pake ndinangobwerera ku nsima, mitanda yowonjezera, mpaka telala wa pakhonde la sitolo anandibwezera thalauza n'kunena kuti, "Bigi, nsalu yofutukula yatha."

Nditaona kuti masitepe a kuntchito ayamba kundipumitsa pakati, ndinavomera kuti mbali ya kulimbitsa thupi ija mwina ili ndi ntchito. Pali chomwe amati shiko, kuja amakweza mwendo umodzi chammbali mpaka m'mwamba n'kuupondetsa pansi mwamphamvu, ndipo amachita maulendo mahandiredi tsiku lililonse. Wanga mwendo unkafika pa msinkhu wa mpando, nditagwirira kabati. Ife timakhala nyumba ya mdadada, khoma limodzi ndi aneba, choncho nditaponda kangapo mbandakucha mbale zawo zinayamba kulira, khanda lawo linadzuka, ndipo anagogoda kufunsa kuti kodi tikusinja chiyani nthawi imeneyi. Ndinayesa ina yokhala pansi miyendo itatambasuka mpaka chifuwa kugunda pansi, yomwe zimphona za makilogalamu 150 zimachita mosavutika, ndipo ndinakanirira pakati, kupita pansi osatheka, kubwerera osatheka, mpaka ana anandizula pondikoka m'khwapa akuseka mobisa. Ina ndi yomenya chipika ndi zikhatho. Chipika panalibe, panali mtengo wa papaya wa alandilodi. Papaya si mtengo, abale. Unagwa ndi mapapaya ake omwe, osapsa.

Apa ndiye ndinaganiza kuti vuto langa n'kuchita zinthu mwatheka. Sumo ili ndi mwambo wake wochokera ku chipembedzo cha Shinto, ndiye tichite zonse mwadongosolo, panja, anthu asanadzuke kuti ndisasokoneze munthu. Lamba uja, mawashi, ndi chinsalu chokhuthala chotalika mamita angapo, ndipo munthu samanga yekha, pamafunika mnzake womukokera iye akuzungulira. Ine ndinalumikiza zitenje ziwiri ndi mapini, mumdima, osadziwa kuti chimodzi ndi yunifomu yatsopano ya chinkhoswe cha mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, ndinadzikulunga ndekha mmene ndinathera, ndinatenga paketi yonse ya mchere kukhitchini, ndinatuluka kuseri, ndinalemba bwalo ndi phulusa, ndinaima pakati, ndinawaza mchere kumanja ndi kumanzere, ndinanjuta, ndinaomba m'manja n'kutambasula mikono monga amachitira posonyeza kuti alibe chida, ndinakweza mwendo, ndipo pa nthawi yomweyo mayi wina wolawirira kukatunga madzi anatulukira pakona ndi ndowa yake.

Dziikeni m'malo mwa mayiyo. Kusanache, bambo wamkulu, chifuwa pamtunda, matako atsala pang'ono kukhala pamtunda, ali pakati pa bwalo la phulusa, mchere uli mbuu, mwendo umodzi m'mwamba. Sindiwaimba mlandu ngakhale pang'ono. Ndowa inagwa, ndipo mfuu unamveka mpaka kumsewu: "Mfiti! Ndege yagwa kuno!" Zitseko zinatseguka, anthu anabwera ndi mipini, ena ndi matochi a pafoni, ena ndi Baibulo, ine ndaima pomwepo dzanja limodzi lagwira chitenje lina lagwira paketi, ndipo atandifunsa kuti mcherewo ndi wachiyani, m'malo monena kuti ndi masewera ndinayankha monga expert kuti umayeretsa malo ndipo kupondako n'kothamangitsa mizimu yoipa. Panali zii. Alandilodi anafika kutsogolo atafunda bulangete n'kufunsa pang'onopang'ono kuti, "Achimwene, mizimu yoipayo mwaiona pa puloti panga pano?" Ndinati dikirani ndikuonetseni vidiyo. Bandulo inali itatha. Anandipulumutsa ndi mwana wa Fomu 3 yemwe uja, amene anabweretsa foni yake n'kuonetsa khamu lonse zimphona zikuwaza mchere, anthu n'kuyamba kuyang'ana pa foni, kuyang'ana ine, kuyang'ananso pa foni, ndipo ndikuganiza kuti kuseka kumene kunatsatirako kunandipweteka kuposa mmene mipini ikanachitira. Papaya ndinalipira. Chitenje ndinagula china. Mayi a kunyumba anangoti, "Safunsa anadya phula," ndipo ndiwo za tsiku limenelo zinalibe mchere.

Mukuganiza kuti ndinasiya? Ndinaona kuti cholakwika chinali kusewera ndekha. Ndinafunika mdani, ndipo ndinasankha mosamala: mlamu wanga wa ku Bangwe, mnyamata wowonda woti malaya amamulendewera, amene ntchito yake n'kutsitsa matumba a simenti m'malole. Mbali ya simentiyo sindinaiganizire. Ndipo ndinkadziwa bwino lomwe, poti ndinali nditaphunzitsapo anthu pa bawo, kuti sumo ya akatswiri ilibe magulu a kulemera, kuti Mainoumi m'zaka za m'ma 1990 ankalemera pafupifupi makilogalamu 100 okha koma ankagwetsa anthu omuposa kawiri. Ndinkaganiza kuti zimenezo zimachitikira anthu ena.

Lamlungu masana tinapita pa kabwalo kamene ana amaseweretsapo mpira wachikulunga. Bwalo la sumo ndi mamita 4.55 kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Ine ndinayeza chingwe cha mamita 4.55, ndinakhoma chikhomo pakati, n'kuzungulira nacho, osazindikira kuti ndalemba bwalo la mamita 9 lomwe mbali ina linakafika m'mphepete mwa ngalande. Mwana wa Fomu 3 anakhala gyoji, atanyamula kambale kapulasitiki kokupizira mbaula. Ana a m'dera lonse anakhala mozungulira. Njira zovomerezeka zopambanira mu sumo zilipo 82 ndipo ndinali nditaloweza mayina ambiri ndithu, game plan ili m'mutu. Mlamu wanga anafunsa funso limodzi: "Alamu, lamulo lake n'lotani?" Ndinati kutulutsana m'bwalo kapena kugwetsana. "Basi?" Ndinati basi. "Chabwino, koma musakandinenere kwa achemwali."

Tinanjuta. Ndinagunda pansi ndi zibakera n'kunyamuka ndi mphamvu zonse za nsima ya miyezi ija, mutu pansi, maso otseka, ndipo mlamu wanga, poona chinthu chikubwera, anachita zimene munthu aliyense wanzeru angachite, anangolewa, ine n'kudutsa pamene anali, kufuna kuima miyendo osamva, malowo ndi otsetsereka, bwalo ndi lalitali, ana akupatuka, mpaka ndinakaima ndi bondo m'ngalande, m'madzi amene sindikufuna kufotokoza mtundu wake. Kulewa koteroko ku Japan amakutcha henka, n'kololedwa koma anthu amakunyoza, makamaka akachita wa udindo waukulu. Izi ndinamufotokozera mlamu wanga ndili m'ngalande momwemo. Anapepesa kwambiri, anandivuula, nati tibwereze, ulendo uno sasuntha.

Sanasunthedi. Ndinamugunda ndipo ndinamva mano anga akuluma lilime. Analowetsa mutu pansi pa chibwano changa, manja ake anapeza chitenje kumbuyo, ndipo ndisanakumbukire dzina la njira ngakhale imodzi mwa 82 zija ndinaona kuti mapazi anga sakugundanso pansi. Anandinyamula mmene amanyamulira thumba la simenti. Likanakhala bwalo loyeza bwino manyaziwo akanatha msanga, koma poti ndinalikulitsa kawiri ndi manja angawa, anayenda nane ulendo wonsewo, miyendo yanga ikupalasa m'malere, ana akuwerenga masitepe mokweza, ndipo tili pakati pa ulendo pini imodzi inagonja. Lamulo lilipo loti lamba akamasuka mpaka kuonetsa zosayenera, mwiniwakeyo wagonja pomwepo, ndipo zinachitikapo ku Tokyo mu 2000. Ine mwamwayi ndinali nditavala kabudula m'kati, kabudula wake amene mayi a kunyumba akhala akundiuza kuyambira chaka chatha kuti nditaye. Choncho pa ndewu imodzi ndinagonja m'njira ziwiri.

Apa ndiye panafunika ulemu uja ndinkauyamikira, kudzuka, kuweramitsa mutu, kuchoka osalankhula. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti pansi panali poterera, kuti gyoji anayambitsa ndisanakonzeke, kuti dzuwa linali m'maso mwanga, kuti ku Japan kugwira chitenje chotero mwina n'koletsedwa, pomwe ndikudziwa kuti kugwira lamba ndiye sumo yeniyeniyo. Mlamu wanga, amene sanaonerepo sumo ngakhale kamodzi, anandiweramira mwaulemu, n'kundifunsa ngati ndingathe kuyenda.

Sindikanatha. Kuchipatala ndinapita pa kabaza, mwendo umodzi uli tasaa, mayi a kunyumba akutsatira pa ina. Anesi atafunsa chachitika, ndinati ndagwa pa masitepe. "Anesi, nyumba yathu ilibe masitepe," anatero mayi a kunyumba. "Amasewera sumo." Anesiwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, analemba chinachake m'kabuku kanga, n'kutuluka, ndipo anabwera ndi anzawo awiri amene sindikukhulupirira kuti anafunika pa bondo limodzi.

Masiku ano ndimaonera highlights madzulo nditavala ma earphone, mchere umakhala m'kabati yokiya, ndipo ana a m'dera akandiona amakweza mwendo umodzi. Alandilodi nawo inawalowa, amabwera kudzaonera pa foni yanga, amasapota wosewera wina wotchedwa Hoshoryu, ndipo amalosera opambana bwino kuposa ine ngakhale mayina onse amawatchula molakwika. Mlamu wanga amatumiza uthenga mwezi uliwonse wa mpikisano kufunsa kuti tibwereza liti, poti anzake a ku Bangwe akufuna kudzaonera. Ndimamuyankha kuti bondo silinapole. Bondolo linapola kalekale.